Mayi asasenze yekha mlandu wa kusabereka

Chaka chilichonse msika wa fodya ukatsegulidwa pa Chinkhoma m'boma la Kasungu, ndalama zimayamba kuyenda ndipo nkhani zimene zidagona m'dzinja zimadzuka. Ngongole zimabwezedwa, malata amagulidwa, njinga zamoto zatsopano zimaoneka pa Santhe, pa Chamama ndi pa Nkhamenya. Imeneyi ndiyonso nyengo imene ankhoswe amatanganidwa, chifukwa bambo amene wapha makwacha amayamba kuwerenga zaka zimene wakhala pabanja popanda kulira kwa khanda m'nyumba.

Mlandu wotere sutenga nthawi. Apongozi akuchimuna amafunsa kuti mwana wawo adzadyetsa munthu mpaka liti, alamu amaponya mawu okuluwika pamjigo ndi kuchigayo, ndipo mapeto ake mayi uja amapatsidwa dzina loti chumba. Ena amabwezedwa kwawo ndi kachikwama m'manja, ena amangozindikira mkazi wachiwiri walowa pakhomo. Pamlandu wonsewo palibe amene wafunsa achipatala, ndipo bamboyo sadayezedwepo ngakhale kamodzi.

Chigamulo chotere nchopanda chilungamo. Choipa china nchakuti chimaononga nthawi, pomwe nthawi ndi chinthu chimene banja lofuna mwana silingagule ngakhale litagulitsa mabelo 100. Kuti mfundoyi imveke bwino mpofunika kuyambira pa dzira la mayi, momwe limakhwimira komanso chimene chimalipatsa mphamvu.

Mazira obadwa nawo

Mwamuna amapanga mbewu zatsopano tsiku ndi tsiku kuyambira pomwe watha msinkhu mpaka kukalamba. Kwa mkazi nkhani ndi ina. Mwana wamkazi amabadwa ali kale ndi mazira onse amene adzakhale nawo moyo wake wonse. Akadali m'mimba, pakati pali ndi miyezi isanu, amakhala ndi mazira 6 mpaka 7 miliyoni. Pobadwa amakhala atatsala 1 mpaka 2 miliyoni, ndipo pofika potha msinkhu amatsala 300,000 mpaka 400,000. Mwa onsewa, amene amakhwima ndi kutuluka, limodzi pamwezi, ndi pafupifupi 400 okha. Enawo amafota pang'onopang'ono kufikira mayi atasiya kusamba, kawirikawiri ali ndi zaka za pakati pa 45 ndi 55.

Izi zikutanthauza kuti dzira limene latuluka mwa mayi wa zaka 38 lakhala likudikira zaka 38 zonsezo m'thumba la mazira, ngati mbewu yosungidwa m'nkhokwe. Mlimi aliyense amadziwa kuti mbewu yogonera zaka zambiri simera ngati ya chaka chatha, ngakhale munda ukhale wachonde chotani.

Thupi la munthu lidapangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo, ndipo dzira ndi selo limodzi, laling'ono ngati kadontho ka nsonga ya singano. M'kati mwa selo muli tinthu timene akatswiri amatitcha mitochondria. Ntchito yake ikufanana ndi ya mbaula. Timalandira chakudya chimene chagayika m'thupi, nkuchiotcha pogwiritsa ntchito mpweya umene munthu wapuma, ndipo potero timatulutsa mphamvu imene selo limagwirira ntchito. Mtima kuti ugunde, mwendo kuti upalase njinga, mutu kuti uganize, zonsezi zimadalira timbaula timeneti.

Amalawi ambiri adaona kale zimene zimachitika timbaulati tikavulala, ngakhale kuti dzina lake sadalimve. Boma litayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, mapiritsi a Triomune amene anthu ambiri ankalandira adali ndi mankhwala otchedwa stavudine. Mapiritsiwo adapulumutsa miyoyo yochuluka, koma ena owamwa ankamva kutentha ndi dzanzi kumapazi, ena masaya ankalowa. Gwero lake lidali lakuti stavudine amasokoneza mitochondria. Pakati pa 2011 ndi 2013 boma lidasintha mankhwalawo, ndipo amene akuperekedwa masiku ano ndi ena, kotero palibe chifukwa chowasiyira. Phunziro la nthawi imeneyo ndi lakuti tinthu tosaoneka ndi masoti tikafooka, thupi lonse limamva.

Ntchito zitatu za dzira

M'thupi lonse mulibe selo lokhala ndi timbaula tambiri ngati dzira lokhwima. Pa miyezi ingapo imene dzira limakula lisanatuluke, limachulukitsa timbaula take mpaka kuposa 100,000, uku likudyetsedwa ndi maselo ena olizungulira, ngati anamwino olera khanda. Mbewu ya bambo imanyamula tosakwana 100, tomangidwa pakhosi pa mchira wake kuti ithe kusambira. Kusiyana kumeneku kuli ndi chifukwa, poti dzira lili ndi ntchito zitatu zolemera.

Yoyamba ndi kugawa malangizo a chibadwa. Selo la munthu lili ndi timitolo 46 ta malangizo, timene amatitcha ma chromosome. Mwana ayenera kulandira 23 kwa mayi ndi 23 kwa bambo, choncho dzira liyenera kugawa timitolo take, kusunga theka ndi kutaya theka. Kugawaku kumayamba kutatsala pafupifupi tsiku limodzi ndi theka kuti dzira lituluke, ndipo kumamalizika mbewu ya bambo italowa. Dzira limaluka tizingwe tokokera timitoloto mbali ziwiri, ndipo timbaula timasonkhana mozungulira tizingweto kuti mphamvu ipezeke pomwepo. Mphamvu ikachepa, zimakhala ngati kusankha fodya usiku ndi nyali yothimathima, tsamba la giredi ina limalowa m'belo losayenera.

Yachiwiri ndi kudzuka. Mbewu ya bambo ikalowa, dzira liyenera kutseka khomo kuti ina isalowenso, nkuyamba kugawikana kukhala maselo awiri, anayi, asanu ndi atatu. Yachitatu ndi kunyamula kamba wa paulendo. Kamwana kongoyamba kumene kamayenda masiku atatu mpaka asanu kuchokera m'njira ya mazira kukafika m'chiberekero, ndipo masiku onsewo kamakhalira kugawana timbaula timene mayi adalongedza m'dzira. Kamba akachepa, ulendo umathera panjira, ndipo mayi amangoona kuti wasamba mochedwerako osadziwa kuti china chake chidayambika.

Mbaula iliyonse imatulutsa mwaye. Timbaula ta m'dzira natonso, potentha chakudya, timatulutsa tinthu towononga timene pakapita zaka timafooketsa timbaulato. Pa nthawi yomweyo ulimbo umene umagwira timitolo ta malangizo tija umanka nusungunuka. Zinthu ziwirizi zikakumana, mazira ochuluka amatuluka ndi timitolo toperewera kapena topitirira. Kusintha kumeneku kumayamba pang'onopang'ono, koma kumathamanga mayi akadutsa zaka 35.

Zotsatira zake anthu amaziona m'midzi tsiku ndi tsiku, kungoti amazipatsa mayina ena. Pafupifupi theka la mimba zimene zimapita padera m'miyezi itatu yoyamba zimachoka chifukwa timitolo ta malangizo sitidagawike bwino. Mayi akadutsa zaka 40, pafupifupi mimba imodzi mwa zitatu zilizonse imapita padera. Mwana wobadwa ndi Down syndrome amakhala ndi timitolo 47 m'malo mwa 46. Kwa mayi wa zaka 25 izi zimachitika kamodzi pa ana oposa 1,000, pomwe kwa wa zaka 40 zimachitika kamodzi pa ana pafupifupi 100. Mwana wotere ndi mwana ngati wina aliyense, wofunika chikondi ndi sukulu. Mayi wake sadatsemphe, sadalodzedwe ndipo sadayende njira zachilendo. Kumuzenga mlandu pa chinthu chimene chidachitika m'kati mwa selo limodzi ndi nkhanza basi.

Utsi wa m'nyumba

Kasungu ndi fodya nzosalekana. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, nthawi ya Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority ndi maesiteti a Press, tsamba limeneli lamanga nyumba, lalipira fizi ndipo lakokera m'bomali anthu ochokera m'maboma akutali. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 840,000 m'bomali, ndipo mabanja ochuluka mwa iwo amadalira fodya mwanjira ina. Palibe wanzeru amene angauze mlimi kuti azule munda wake lero popanda kumuonetsa china chodyera. Koma kulima fodya wogulitsa sikukakamiza munthu kufukiza utsi wake m'chipinda chogona.

Mu 2001 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Jonathan Tilly pa chipatala cha Massachusetts General ku Boston, m'dziko la America, lidaonetsa momwe utsi umaphera mazira. Poyesa pa mbewa, lidapeza kuti mankhwala ena opezeka mu utsi wa fodya amadzutsa kachipangizo kotchedwa Bax m'kati mwa dzira. Ntchito ya Bax ndi kuboola timbaula tija, ndipo tikabooka dzira limafa. Izi zikugwirizana ndi zimene madokotala akhala akuona, kuti amayi osuta amavutika kutenga pathupi ndipo amasiya kusamba msanga, ndi chaka chimodzi kapena kuposerapo, poyerekeza ndi osasuta. Dzira lofa silibwerera, madzi akatayika saoleka.

Wina anganene kuti amayi a ku Kasungu sasuta. Nzoona kuti osuta ndudu ndi chingambwe ambiri ndi abambo, ngakhale alipo amayi amene amaika fodya wopera m'kamwa kapena m'mphuno. Koma m'nyumba ya chipinda chimodzi, yotseka mazenera m'nyengo yozizira ya June ndi July, wosuta ndi mmodzi pomwe opuma utsi ndi onse. Zotsalira za nicotine zidapezekapo m'madzi ozungulira dzira mwa amayi amene sasuta koma amakhala ndi osuta. Mankhwala a mtundu womwewo amene amadzutsa Bax amapezekanso mu utsi wa nkhuni, choncho khitchini yopanda potulukira utsi nayo ndi yofunika kuiganizira.

Nkhani imakula mayi akakhala woyembekezera. Poti mazira a mwana wamkazi amapangidwa akadali m'mimba, mayi wonyamula mwana wamkazi wanyamula mibadwo iwiri, mwanayo komanso mazira amene adzakhale adzukulu. Kafukufuku adaonetsa kuti ana a amayi osuta ali ndi pathupi amakhala ndi mazira ocheperapo kuyambira m'mimba momwemo. Bambo wofukiza utsi pafupi ndi mkazi wake woyembekezera akuika pachiswe adzukulu amene sadabadwe nkomwe.

Kumunda nako kuli zake. Tsamba la fodya likakhala lonyowa ndi mame kapena mvula, nicotine amalowa m'thupi kudzera pakhungu, ndipo wothyola amamva chizungulire, mutu ndi nseru. Mu 2009 bungwe la Plan International lidatulutsa lipoti la ana ogwira ntchito m'minda ya fodya m'Malawi, ena mwa iwo a ku Kasungu, lomwe lidati patsiku lachinyezi mwana angathe kulowetsa m'thupi nicotine wofanana ndi ndudu 50. Mu 2021 dziko lino lidathetsa mwalamulo dongosolo la matenanti, ndipo mu 2023 lidalowa m'pangano la bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lochepetsa kusuta. Malamulowo ndi abwino, koma amene angachotse mtsikana ndi mayi woyembekezera m'munda wonyowa mbandakucha ndi mwini munda komanso mwini banja.

Si dzira lokha

Kungakhale kunama kunena kuti banja lililonse lopanda mwana vuto lake ndi timbaula ta m'dzira. Mu April 2023 bungwe la WHO lidalengeza kuti munthu mmodzi mwa 6 aliwonse padziko lapansi amakumana ndi vuto la kusabereka pa nthawi ina m'moyo wake, m'mayiko olemera ndi osauka momwe. Pa mabanja otere, pafupifupi theka vuto limakhala kwa bambo yekha kapena kwa onse awiri. Choncho bwalo limene lagamula kuti mayi ndiye wolakwa, bambo asanayezedwe, langoponya mwala mumdima.

Makolo akale ankadziwa kuti mwamuna naye amagwa m'papaya. Mwambo wolowetsa fisi m'nyumba mwachinsinsi ndi umboni wake. Chodabwitsa nchakuti vuto la mwamuna linkabisidwa usiku pomwe la mkazi limaimbidwa masana. Lero fisi ndi njira ya imfa chifukwa cha kachilombo ka HIV, ndipo lamulo la za HIV ndi Edzi limene lidayamba kugwira ntchito mu 2018 likuletsa miyambo yotere. Njira yotsala ndi yoyezetsa. Kuyeza mbewu ya bambo nkosavuta kuposa kuyeza mayi, sikufuna opaleshoni, ndipo kumadalira makina oonera tizilombo ofanana ndi amene amayezera malungo. Mbewu ya bambo nayo imafooka ndi fodya, kachasu, matsagwidi odwala munthu atakula komanso mankhwala ena a kumunda. Mu 1977 ku California abambo ogwira ntchito pa fakitale yopanga mankhwala ophera tizilombo ta m'nthaka otchedwa DBCP adapezeka kuti asiya kubereka. Wopopera mankhwala munazale ali chifuwa pamtunda ndi manja osavala aikumbukire nkhani imeneyi.

Kwa amayi a mu Africa, chimene chimatseka mimba kawirikawiri ndi matenda. Kafukufuku wa WHO amene adasindikizidwa mu 1985 adapeza kuti mwa amayi a mu Africa amene adayezedwa chifukwa cha kusabereka, oposa 8 mwa 10 aliwonse vuto lawo lidachokera ku matenda amene adaononga njira za mazira. Chinzonono ndi matenda ena opatsirana pogonana, matenda olowa pobereka kapena pochotsa mimba mwachisawawa, ngakhalenso likodzo, zimasiya zipsera zimene zimatseka njirazo. Dzira likhoza kukhala lamphamvu, timbaula take tonse tikuyaka, koma osapeza podutsa.

Pano mpamene abambo ayenera kudzifunsa mafunso. Si chinsinsi kuti ndalama za fodya zikatuluka, ena amasowa pakhomo sabata yathunthu, ali m'mabala ndi m'maresitihausi a m'tauni. Matenda amene amabwera nawo, mwa mayi nthawi zambiri saonetsa zizindikiro msanga, amangodya mwakachetechete. Patapita zaka zitatu bambo yemweyo ndiye amaitana ankhoswe kudzadandaula kuti mkazi wake sakumupatsa mwana. Matendawa amachizika ndi mankhwala a kuchipatala akapezeka msanga, bola onse awiri alandire chithandizo nthawi imodzi.

Zaka zotayika

Njira imene mabanja ambiri amatsata ndi yodziwika. Chaka choyamba ndi chachiwiri amadikira. Chachitatu amapita kwa sing'anga wapafupi, chachinayi kwa wina wakutali amene adamva mbiri yake, mbuzi ndi nkhuku zikutha m'khola. Kenako amagula mabotolo a mankhwala otsuka m'mimba kwa ogulitsa pamsika, amene amalonjeza mapasa pachimkuzamawu. Akamafika kuchipatala, mayi amene adayamba kufuna mwana ali ndi zaka 31 ali ndi 39. Vuto limene mwina lidali laling'ono, lochizika ndi mapiritsi, tsopano lakumana ndi lina la mazira okalamba.

Palibe muzu, botolo kapena piritsi limene limapanga mazira atsopano. Wolonjeza zimenezo akungofuna ndalama. Kupemphera nkwabwino ndipo kwalimbitsa mabanja ambiri m'nyengo yowawa, koma sikuletsa munthu kukwera minibasi kupita kukayezetsa. Langizo la madokotala ndi lomveka bwino: banja likakhala chaka chathunthu likugonera limodzi popanda kulera koma pathupi osaoneka, lipite kuchipatala. Ngati mayi wadutsa zaka 35, lisadikire chaka, miyezi isanu ndi umodzi yakwana. Ndipo apite onse awiri.

Pali ena amene akamva kuti mazira amakalamba athamangira kunena kuti ndiye bwino atsikana azikwatiwa msanga. Maganizo amenewa ndi olakwika ndipo ndi oopsa. Lamulo la maukwati la 2015 komanso kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017 zidakhazikitsa zaka 18 ngati msinkhu wochepetsetsa wolowera m'banja. Thupi la mtsikana wa zaka 15 silidakhwime, ndipo mimba pa msinkhu umenewo imadzetsa fistula, kubereka movutika ndi imfa. Kafukufuku adaonetsanso kuti mazira a atsikana aang'ono kwambiri amalakwitsa kugawa timitolo kawirikawiri kuposa a amayi a zaka za m'ma 20. Mtsikana amene wamaliza Fomu 4, nkupita kukoleji, nkukwatiwa ali ndi zaka 25 sadataye kanthu. Uthenga wa mazira okalamba ukupita kwa banja limene likufuna kale mwana koma likuzengereza kukayezetsa.

Ena anganene kuti zonsezi ndi nzeru za kwa azungu, zopanda ntchito kwa mlimi wa kwa Wimbe. Nzoona kuti kunja zinthu zidapita patali. Louise Brown, mwana woyamba amene dzira lake lidakumanitsidwa ndi mbewu ya bambo kunja kwa thupi, adabadwa ku England pa 25 July 1978. Mu 2015 nyumba ya malamulo ya ku Britain idaloleza kuti mayi amene timbaula take tili ndi matenda otengera athandizidwe ndi timbaula ta mayi wina, ndipo mu July 2025 madokotala a ku Newcastle adalengeza kuti ana 8 adabadwa mwanjira imeneyi. Njirayi idalolezedwa pofuna kupewa matenda oopsa otengera kwa mayi, ndipo mtengo wa zithandizo zotere mlimi wamba sangaufike. Chifukwa chomwecho ndicho chikuchititsa kuti zinthu zotsika mtengo zikhale zofunika kwambiri kuno: kuteteza mazira amene alipo, kuchiza matenda msanga ndi kusataya zaka.

Moto wa kuchikazi

Pali chinthu china chokhudza timbaula timeneti chimene Achewa sangachione chachilendo. Mbewu ya bambo ikalowa m'dzira, timbaula take tochepa tija timaphwanyidwa. Choncho munthu aliyense, mwamuna kapena mkazi, timbaula ta m'thupi lake adatilandira kwa mayi ake, iwonso kwa mayi awo, mpaka kale. Timbaulati tili ndi malangizo akeake okwana 37, amene akatswiri a ku Cambridge adawawerenga koyamba mu 1981. Mu 1987 Rebecca Cann, Mark Stoneking ndi Allan Wilson a pa yunivesite ya California ku Berkeley adayerekeza malangizowa mwa anthu 147 a mitundu yosiyanasiyana, ndipo adapeza kuti mzere wa kuchikazi wa anthu onse ukukathera kwa mayi mmodzi amene adakhala mu Africa zaka pafupifupi 200,000 zapitazo.

Mwamuna sapatsira ana ake timbaula take. Amene ali ndi timbaula tofanana ndi take ndi abale ake a bele limodzi komanso ana a mlongo wake, omwe ndi mbumba imene malume amaiyang'anira. Izi sizichotsa udindo wa bambo, poti theka la timitolo ta malangizo mwana amalandira kwa iye. Koma zikukumbutsa bambo aliyense wonyoza mkazi kuti mphamvu imene akukwezera mawu pabwalo ikuchokera ku moto umene mayi ake adamusonkhera m'dzira.

Zoyenera kuchita

Ankhoswe ali ndi mphamvu zambiri pankhaniyi kuposa dokotala, chifukwa mlandu umayambira kwa iwo. Akhazikitse mfundo imodzi, yakuti nkhani ya kusowa mwana sikambidwa mpaka mwamuna ndi mkazi atapita limodzi kuchipatala. Mafumu a m'bomali, kwa Kaomba, kwa Mwase, kwa Lukwa, kwa Chulu, kwa Kaluluma ndi kwina konse, akhala akulankhula za maukwati a ana ndi za uchembere wabwino, ndipo angathe kuonjezerapo mawu akuti mayi asathamangitsidwe pabanja popanda umboni. Atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, amene amamangitsa maukwati, aziphunzitsa zimenezi pa chilangizo ukwati usanachitike.

Unduna wa zaumoyo nawo uli ndi mbali yake. Kwa zaka zambiri uthenga wa kulera wamveka pawailesi ndi m'masikelo, ndipo wathandiza. Koma kulera kwenikweni ndi kuthandiza banja kukhala ndi ana amene likufuna pa nthawi imene likufuna, kotero wosowa mwana naye ayenera kupeza khomo logogoda. Chipatala cha boma cha Kasungu, cha St Andrew's ku Mtunthama, cha Nkhamenya ndi zipatala zing'onozing'ono za m'madera ndizo zili pafupi ndi anthu. Zipatsidwe zipangizo ndi antchito okwanira kuti ziziyeza mbewu ya abambo, kuchiza matenda otseka njira za mazira ndi kutumiza msanga ku Kamuzu Central ku Lilongwe amene akufunika akatswiri. Alangizi a zaumoyo oyenda m'midzi aziuza mabanja za chaka chimodzi ndi miyezi isanu ndi umodzi ija monga momwe amawauzira za katemera.

Makampani ogula fodya amene amapereka feteleza ndi mbewu pangongole aziperekanso magolovesi ndi zovala zosalowa madzi, ndipo eni minda aonetsetse kuti ana ndi amayi oyembekezera sakuthyola kapena kusoka tsamba lonyowa. Pakhomo, wosuta atuluke panja, ndipo ngati akufunadi mwana asiyiretu. Izi sizifuna ndalama ya boma kapena ya mabungwe.

Ngakhale zonsezi zitachitika, mabanja ena adzakhalabe opanda mwana wobereka okha. Izi nzowawa ndipo palibe chifukwa chozibisira. Koma mayi amene walima, wasoka fodya, wadwazika apongozi ndi kusunga pakhomo zaka khumi sasanduka mlendo chifukwa chakuti mimba sidabwere. Akuluakulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo m'midzi ya Kasungu muli ana amasiye ambiri amene akuleredwa bwino ndi amayi amene anthu ankawatcha chumba.

Msika wa pa Chinkhoma ukadzatsegulidwanso, bambo amene akudandaula kuti m'nyumba mwake muli zii apatule ndalama ya belo limodzi. Ndalama imeneyo ikwanira thiransipoti ya anthu awiri kupita kuchipatala ndi kubwerako, ndipo pamzere woyezetsa ayambe ndi iyeyo.